Kabokosi Komwe Mayi Kurihara Sanachonge

Mizoguchi ankadana ndi foni. Zaka makumi awiri ndi zisanu akulemba mapulogalamu a kompyuta zinamuphunzitsa kuti tsamba la pa intaneti likamayenda bwino palibe amene amakuimbira kuti zikomo. Foni ikalira ndiye kuti kwinakwake chinthu chafa. Choncho Lachiwiri lija, bwana wake Terauchi atatsitsa foni n'kuyamba kupukuta magalasi ndi tayi, Mizoguchi anadziwiratu kuti tiyi wake azizira.

"Anali ansembe a kukachisi wa kuphiri," anatero Terauchi. "Kuli agogo ena avuta kumeneko. Akuti sanachonge kabokosi."

"Kabokosi kati, bwana?"

"Uli ndi timabokosi tingati pa fomu imeneyo, iwe? Ka mafupa."

Kampani yawo inali ya anthu awiri okhawo, m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo yochapira zovala, ndipo chomwe chinkawadyetsa chinali masamba a pa intaneti a akachisi. Midzi ya kumapiri inali kutha anthu, manda a makolo akusowa wolambula, ndiye akachisi anatulukira njira. Umadzaza fomu pa intaneti, iwo n'kukutumizira katoni, iwe n'kulongeza mtsuko wa mafupa otsala mtembo wa malemu ukawotchedwa n'kukausiya ku positi. Ukafika, ansembe amawerenga mapemphero n'kukhuthulira mafupawo m'manda a onse, chidzenje chamiyala chomwe chili kuseri kwa kachisi. Ukalowa m'menemo walowa.

N'chifukwa chake kumapeto kwa fomu kunali kabokosi, ndipo pambali pake mawu akuti: "Ndamva ndipo ndavomereza kuti mafupa akasakanizidwa ndi a ena sadzabwezedwa." Mawuwo analemba ndi ansembe. Ntchito ya Mizoguchi inali kuikapo mlonda, timizere tingapo ta pulogalamu toti munthu akadina batani lotumizira asanachonge, fomu isapite, m'malo mwake patuluke malemba ofiira omukumbutsa.

"Ndi mayi Kurihara, amasiye," Terauchi anapitiriza. "Anatumiza mafupa a amuna awo Seputembala wathayu. Sabata yatha atulukira kukachisi ndi maluwa, akuti ndionetseni mtsuko. Mtsuko uti? Mkulu uja ali m'dzenje ndi anzake miyezi isanu ndi inayi tsopano. Ansembe awatulutsira pepala, palembedwa poyera kuti 'Avomereza: Inde.' Iwo kakaka, sindinachonge, sindinachonge. Mwana wawo anachita kuwakoka dzanja."

"Nanga ife zikutikhudza bwanji?"

"Lachinayi akubweranso ndi mwanayo. Ansembe akufuna munthu wa kompyuta akawaonetse kuti fomu yosachonga sidutsa, mtima ukhale pansi. Mwanayo akuti mutu wa mayi ake wayamba kuthawa, ndipo nkhani iyi ndi imene yamutsegula maso. Makiyi a nyumba ndi chidindo chawo chosainira mapepala wasunga ndi iye, malo kunyumba ya okalamba wapeza kale. Iwe ukangonena mawu awiri, umwe tiyi, ubwerere."

Mizoguchi anatsegula pulogalamu ya fomuyo kuti asindikize timizere ta mlonda, akakhale ndi choonetsa. Anatipeza tilipo ndithu, koma titazimitsidwa. Pamwamba pake panali kamzere kolembedwa ndi iye mwini: "Ndazimitsa kaye mpaka Obon ithe."



Anakumbukira bwinobwino. Unali Ogasiti wa chaka chatha, sabata ya Obon, pamene aliyense amakumbukira kuti ali ndi akufa ake. Nkhalamba zinkadzaza fomu pa timafoni tawo, malemba ofiira n'kumatulukira pamalo pomwe sizinkaona. Zinkadina batani kakhumi, kenako n'kuimbira foni kukachisi kuti makina anu afa. Akazi a ansembe ankaimbira Terauchi katatu patsiku, ndipo Terauchi anatembenuka pampando n'kunena kuti, "Chotsa chilichonse chikutsekereza, tidzakonza Obon ikatha." Obon inathadi. Kunabwera ntchito ya sitolo ya mpunga, kenako ya kachisi wina, kenako chisanu. Mlonda anagonabe.

Koma limenelo linali theka chabe la tchimo lake. Ngakhale wophunzira dzulo amadziwa kuti alonda amakhala awiri, wina pa tsamba lomwe munthu akuona, wina mkati, pa seva, kompyuta yaikulu yomwe imalandira mafomu. Mizoguchi anali ataphunzitsapo ena zimenezi ndi pakamwa pake. Koma pa fomu iyi anadzinyenga ndi nzeru zaulesi: ngati fomu yafika, ndiye kuti yadutsa kwa mlonda, ndipo ngati yadutsa ndiye kuti munthu wachonga. Choncho anauza seva kuti fomu iliyonse yofika iziilembera "Inde." Tsono kabokosi kosachonga kali ndi khalidwe lake. Sikatumiza "ayi." Sikatumiza kanthu kalikonse, kamangokhala chete. Kwa miyezi khumi seva ya Mizoguchi inkamva chetecho n'kumalemba kuti munthu wavomera.

Panali kaundula wina yemwe palibe ankamutsegula, momwe seva inkasungiramo fomu iliyonse monga momwe inafikira. Mizoguchi anafufuza dzina la Kurihara akupemphera kuti apeze chongi, ngakhale sanali munthu wopemphera. Anaipeza fomuyo: pa 14 Seputembala, m'mawa. Dzina, adiresi, dzina la malemu, Kurihara Tomoji. Za kabokosi panalibe kanthu. Ndipo m'danga lolembamo ndemanga munali mawu awa:

"Kabokosi ka m'munsika ndakasiya dala, chifukwa sindikuvomereza. Chonde muwasunge mumtsuko wawo mpaka ine nditabwera, mudzatiike mumtsuko umodzi. Pepani povutitsa."

Pepala lomwe linkasindikizidwa kukachisi silinkaonetsa ndemanga. Ansembe ankafuna pepala limodzi lokhala ndi malo odindapo, ndipo Mizoguchi anadula zomwe anaziona ngati zosafunika.

Terauchi anawerenga ataimirira kumbuyo kwake. Anawerenga kawiri, akupumira pakamwa.

"Konza," anatero. "Lero lomwe."

"Ndikonza. Koma Lachinayi..."

"Lachinayi ukanena kuti fomu yosachonga sidutsa. Lidzakhala bodza? Pofika Lachinayi idzakhala isakudutsa."

"Bwana, mayiwo akunena zoona."

"Ndiye? Zoona zakozo zikatulutsa mafupa m'dzenje? Madzi akatayika sawoleka, Mizoguchi. Kaya ulire kaya uvine, mkulu uja wasakanikirana ndi anthu mazana. Ukayankhula, ansembe agwa nawo, pakuti ndi iwo anakhuthula. Ndipo ansembe a chigawo chino amadziwana onse, amamwera limodzi. Mawa lake tidzakhala tikuchapa zovala pansipa."

"Akufuna kuwatsekera kunyumba ya okalamba."

"Ali ndi zaka zingati? Makumi asanu ndi atatu? Akanapitabe, chaka chino kapena chamawa. Kumeneko kuli chakudya katatu patsiku, kuposa ine." Terauchi anavala magalasi ake. "Ndipo usandiyang'ane choncho. Ine ndinati chotsa chotsekereza. Sindinati uiwale."

Mizoguchi anakonza. Anadzutsa mlonda wa pa tsamba, malemba ofiira anawakuza n'kuwaika pomwe ngakhale wa maso ofooka angawaone. Anaikanso wachiwiri pa seva, woti akapanda kulandira chongi chenicheni aikane fomuyo. Anayesa pa kompyuta, anayesa pa foni. Atayang'ana wotchi anapeza kuti ntchito yonseyo yamutengera mphindi khumi ndi imodzi, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mawu a Terauchi.

Tisamunamizire ulemu womwe analibe. Mizoguchi sanali munthu wolimba mtima. Anali wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wosakwatira, wodya ataimirira pa siteshoni, munthu amene m'moyo wake wonse sanabwezepo chakudya ngakhale chitabwera cholakwika. Lachinayi anakwera sitima yaing'ono ya kuphiri atanyamula kompyuta ndi bokosi la makeke a nyemba zotsekemera, ndipo njira yonse ankaloweza chiganizo cha Terauchi ngati mwana wa sukulu. Fomu yosachonga sidutsa. Fomu yosachonga sidutsa. Kunja mvula ya Juni inkangowaza osaleka.

Anawapeza atakhala kale pa mikeka m'chipinda cholandirira alendo. Ansembe, bambo wonenepa wa mawu ofewa, anali kuthira tiyi. Mwana uja, Noboru, anali mu suti ya kuntchito, foni ataiika chafufumimba pa bondo. Pambali pake panali mayi Kurihara, kamunthu kakang'ono kowongoka msana, kachikwama kali pamiyendo, manja onse awiri ali pamwamba pake.

Noboru ndiye anayamba. Anawerama mpaka tayi inakhudza mkeka.

"Pepani kwambiri, akuluakulu, takusokonezani pa ntchito zanu chifukwa cha mayi anga. Kale sanali otere. Ankagwira ntchito ku ofesi ya boma zaka makumi atatu, pepala sankalisainira asanaliwerenge. Koma ukalamba ndi ukalamba."

"Ndikukumva, Noboru," anatero mayiwo osatembenuka. "Makutu alipo."

"Amayi, chonde."

Ansembe anakweza dzanja mofatsa. "A Mizoguchi ndi amene anapanga fomu ija. Abwera kuti atithandize tonse kumvetsa."

Mizoguchi anatsegula kompyuta pa katebulo kapansi n'kuitembenuzira kwa mayiwo. Anadzaza mayina ongopeka, kabokosi anakasiya, n'kudina batani. Malemba ofiira analumpha psuu, akuluakulu: "Simunachonge. Fomu siingatumizidwe."

"Monga mukuonera," anatero, "fomu yosachonga sidutsa."

"Mwaona, amayi?" Noboru anati. "Mwaona ndi maso anu?"

Mayi Kurihara anasendera pafupi. Anayang'ana malembawo nthawi yaitali.

"Kwa ine sizinafiire," anatero. "Ndinadina, kenako panatuluka mawu akuti 'Talandira, zikomo.' Ndinaganiza kuti poti alandira, ndiye kuti amva pempho langa. Ndinalembanso kanthu penapake. Ndikukumbukira kuti ndinalemba."

"Papepala palibe chomwe munalemba, amayi. Ansembe anakuonetsani."

"Palibedi," ansembe anavomera mwachisoni.

"Mwezi watha munasiya ketulo pamoto," Noboru anapitiriza, tsopano motsitsa mawu, ngati woyankhula ndi wodwala. "Palibe akukudzudzulani. Ndi matenda, si mlandu."

"Ketulo aliyense amasiya."

"Koma si aliyense amakangana ndi makina."

Mvula inkamveka pa denga la khonde. Mizoguchi anaona manja a mayiwo akumasuka pa kachikwama, msana uja ukupindika pang'onopang'ono. Anali atakonzekera kulalatiridwa, anali atakonzekera misozi. Izi zokha sanazikonzekere.

"Kapenadi," anatero mayi Kurihara, mawu ali pansi. "Ngati makina akutero, ndi pepala likutero... kapenadi ndinachonga. Ndiye kuti ndine ndinawataya bambo ako." Anatsitsa kachikwama, anaika zikhatho pa mkeka, n'kuyamba kuwerama molunjika kwa Mizoguchi. "Pepani, bambo. Nkhalamba yakutayitsani nthawi."

"Ayi!"

Liwulo linatuluka mokweza kuposa momwe chipindacho chinazolowera, mpaka ansembe anadontheza tiyi. Mizoguchi yekha anadabwa kuti ndi lake.

"Musawerame, mayi. Chonde dzukani. Simunachonge."

"A Mizoguchi," ansembe anayamba.

"Malemba ofiirawa ndinawabwezeretsa dzana. Chaka chatha ndinawazimitsa ine, ndi manja anga, n'kuiwala. Kuyambira Ogasiti fomu iliyonse inkadutsa, yochonga ndi yosachonga yomwe, ndipo makina ankalemba 'Inde' kwa aliyense chifukwa ndinawauza kutero." Anatsegula kaundula uja. "Iyi ndi fomu yanu momwe inafikira. Apa ndi pomwe pakanakhala chongi. Palibe. Ndipo apa ndi zomwe munalemba."

Mayi Kurihara anatulutsa magalasi m'kachikwama, anawavala mosafulumira, n'kuwerenga okha. Milomo yawo inkatsatira mawuwo mpaka pa "Pepani povutitsa." Noboru anawerengera paphewa pawo. Nkhope yake inafiira, kenako inayera.

Mizoguchi anabwerera m'mbuyo ndi maondo n'kugunditsa chipumi pa mkeka. Ananena mawu onse opepesera omwe munthu amaphunzira kuyambira ali mwana, ndipo pamene ankawanena ankamva kuchepa kwawo. Ansembe nawo anawerama pambali pake, akupuma mwaphuma.

"Ndikusumirani," anatero Noboru. "Nonse awiri. Mwamva? Bambo anga mwawataya ngati zinyalala, ndiye mwakhala pano kumandionerera ine ndikuwanena mayi anga kuti apenga!"

"Amene wanena ndi iwe," anatero mayi Kurihara. "Palibe anakugwira pakamwa."



"Ndiye mutu wanga ulipo," mayiwo anatero, osauza munthu aliyense. Anatambasula chikhatho kwa mwana wawo. "Makiyi anga. Ndi chidindo."

Noboru anapisa m'thumba la mkati n'kuzipereka, maso ali pansi. Mayiwo anaziika m'kachikwama n'kutseka.

"Ansembe, ndifunse, ndipo mundiyankhe ngati munthu wamutu. Angatuluke?"

Ansembe anapukusa mutu. "Muli anthu oposa mazana asanu ndi limodzi, mayi. Timathira kuchokera pamwamba, pakabowo. Pansi ndi dothi. Ngakhale titatsegula..."

"Basi, ndamva."

Anakhala kanthawi akuyang'ana panja, komwe kuseri kwa mitengo kunkaoneka mwala waukulu wa manda aja, wonyowa ndi mvula. Palibe anakhudza makeke.

"Tomoji sankakonda chigulu," anatero. "Ku ukwati wa anthu ankakhala pafupi ndi khomo. Sitima ikadzaza ankaidikira ina. Zaka makumi asanu ndi zinayi ndinkamuuza kuti uli ngati mphaka." Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "A Mizoguchi, dzukani, chipumi chingatupe. Pa tsamba lanuli ndinaona kuti amoyo nawo angathe kudzisungira malo. Fomuyo ndi yomweyi?"

"Ndi yomweyi, mayi. Mumangosankha pamwambapa."

"Nditsegulireni."

"Amayi," Noboru anati, "zimenezi si za lero. Tiyeni tipite kaye kunyumba. Tili ndi malo abwino a manda mumzinda, pafupi ndi ife..."

"Ndinkafuna mtsuko umodzi, wa anthu awiri. Umenewo kulibe. Chatsala ndi dzenje ilo, ndipo ali m'menemo yekha pakati pa alendo. Ukufuna ndikagone mumzinda pafupi ndi iwe?"

Mizoguchi anawatsegulira fomu. Mayiwo anakokera kompyuta pafupi n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi, chilembo ndi chilembo, akuwerenga mzere uliwonse asanapitirire, monga anazolowera zaka makumi atatu ku ofesi. Dzina lawo. Tsiku lobadwa. Pa danga la wodzatumiza mafupa analemba dzina la Noboru osamufunsa. Danga la ndemanga analiyang'ana pang'ono n'kulidumpha.

Anafika pa kabokosi. Anawerenga mawu a pambali pake mokweza, onse, mpaka pa "sadzabwezedwa." Kenako anakasiya kali choncho n'kudina batani.

Malemba ofiira anatuluka.

Anadinanso. Anatulukanso.

"Tsopano zikugwira ntchito," anatero, akuyang'ana Mizoguchi m'maso. M'mawu awo munalibe chipongwe, ndipo Mizoguchi akanakonda chikanakhalamo. "Zinakutengerani nthawi yaitali kukonza?"

Akanatha kunama. Bodza limenelo likanakhala lachifundo, ndipo palibe kaundula akanamutsutsa. Koma tsiku limenelo mabodza anali atamuthera.

"Mphindi khumi ndi imodzi, mayi."

Mayi Kurihara anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chomwe wagula kale. Anasendeza chala, anachonga kabokosiko, n'kudina batani. Tsamba linayera kamphindi, kenako panatuluka mawu omwe Mizoguchi analemba yekha zaka zitatu zapitazo, akuganiza kuti akumveka mwaulemu.

"Talandira, zikomo," anawerenga mayiwo. "Ndi omwewa. Ndinakuuza, Noboru, kuti ndi omwe anatuluka tsiku lija."